Boma labweza fomu yathu ya matching grant, ati pledge ndi ndalama za pa intaneti sizikuwerengedwa

Nabanda:
Akuluakulu thandizeni msanga, mutu wanga watentha. Ndimasunga mabuku a ka foundation ka scholarship ka m'tauni mwathu muno, timathandiza ana omaliza high school imodzi yokha. State yathu kuno ku America imapereka match (ndalama yowonjezera pa yomwe mwasonkhetsa nokha) ya $3,000 mukasonkhetsa $3,000 pakati pa July 1 ndi June 30. Mukaperewera ngakhale ndi dola imodzi simulandira kanthu. M'mabuku mwanga ndili ndi $4,350. Lero email yabwera kuti a boma akuwerenga $1,200 yokha!

Onani mmene adulira. Dinner ya mu May, matikiti 30 pa $40, achotsapo $25 ya chakudya pa tikiti iliyonse, yatsala $450. Raffle $500 ayikana yonse. Macheke a anthu $750 alandira bwinobwino. Pledge (lonjezo lopereka ndalama) ya $1,000 ya shopu ya hardware, kalata inasainidwa June 12 koma cheke chinafika July 9, akana. $900 ya pa page yathu ya pa intaneti, anthu anapereka mu June onse, koma payout inagwa mu akaunti July 2, akananso. Atipatsa masiku 10 ogwira ntchito kuti tiyankhe. Ana atatu tinawalengeza kale pa awards night kuti aliyense $2,000, makolo anajambula zithunzi, ndipo ma bill a ku college ayamba kufika mu August. Ndiyankhe chiyani? Pledge ija ndi $900 ija zikalowa tikufika $3,100.

aPhiri CPA:
Achemwali musadandaule, akulakwitsa ndi iwo. Pledge yopanda ma condition imalembedwa ngati revenue tsiku lomwe yalonjezedwa, ndime ya malamulo a accounting ya ASC 958-605 imatero. Kalata ya June 12 muli nayo, ndiye kuti ndalamayo ndi ya chaka chathachi. Atumizireni ledger yanu ndi kalatayo, basi.

Mayi a Tadala:
Bambo Phiri, zimenezo ndi za auditor. Mwana wa mu ofesi ya boma uja ali ndi pepala la guidelines ndi bank statement, sakuyang'ana GAAP, malamulo a accounting aja. Achemwali Nabanda, tsegulani guidelines muone mawu enieni omwe alemba. Ngati alemba "raised" muli ndi poyambira mkangano. Ngati alemba "received and deposited" pledge ija iwaleni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nabanda:
Pa tsamba loyamba alemba "raised", pa fomu yosainira alemba "deposited". Pepala limodzi lomwelo.

aPhiri CPA:
Mwaonatu. Raised. Pledge ndi raised.

Mayi a Tadala:
Chimene munthu amasainira ndi fomu, bambo.

Che Mussa:
Za $900 ya pa intaneti zija muchenjere. Ma platform ambiri ndalama sizipita kwa inu mwachindunji. Wopereka amapereka ku charity ya platform yomweyo, receipt imachokera kwa iwo, kenako iwo amakutumizirani inu ngati grant. Ndiye pa malamulo munthu wa mu June uja sanapereke kwa inu, amene wapereka kwa inu ndi fund ija, pa July 2. Funsani mmodzi mwa omwe anapereka akutumizireni receipt yake muone dzina lomwe lili pamwamba. Likakhala la foundation yanu, ndiye kuti platform inali payment processor chabe, tsitsani transaction report yoonetsa tsiku la donation iliyonse muphatikize ndi statement ya July. Zikatero ena amavomera. Likakhala la charity ina, pamenepo nkhani yavuta, komanso ma state ena safuna n'komwe kuwerengera ndalama zochokera ku foundation ina, amafuna za anthu a m'deralo.

Mjomba wa ku Indiana:
Musanayankhe chilichonse lowani kaye pa Tax Exempt Organization Search ya IRS, ofesi ya misonkho, muone ngati 501(c)(3) yanu, status ya charity yosalipira msonkho, ili moyo. Ndikunena izi chifukwa zinachitikira ka bungwe komwe ndinaitanidwa kukathandiza. Msungichuma wakale anasamuka, palibe amene ankadziwa kuti 990-N, fomu ya IRS ya timabungwe tating'ono, imayenera kutumizidwa chaka chilichonse ngakhale ndalama zanu zisapose $50,000. Zaka zitatu zotsatizana osatumiza, status inafa yokha, palibe anaimba foni, palibe anabwera. Anadziwira pa grant ngati imeneyi, ofesi ya state itafufuza EIN (nambala ya msonkho ya bungwe) n'kupeza dzina lawo pa mndandanda wa omwe achotsedwa. Tinadzaza 1023-EZ, fomu yopemphera status, kulipira $275, mwamwayi miyezi 15 inali isanathe ndiye anabwezeretsa kuyambira tsiku lomwe inafera. Koma match ya chaka chimenecho inapita. Pamsonkhano wa board wotsatira panalibe yemwe anakhudza ma donut.

Nabanda:
Status ili bwino mjomba, 990-N ndimatumiza ndekha, chaka chathu chimatha June 30 ndiye ndimatumiza November 15 isanafike. Determination letter, kalata ya IRS yovomereza status yathu, a boma anailandira kale, pamenepo sanadandaule.

Kondwani_KC:
Ine ndingofunsa. Mwini hardware uja sangalembe cheke china n'kuikapo deti ya June 30? Pajatu analonjeza mu June.

Mayi a Tadala:
Ayi ayi ayi. Kondwani mwana wanga chotsa zimenezo. Statement ya banki idzaonetsabe tsiku lomwe cheke chinalowa, ndipo amene wasaina pa fomu kuti zonse ndi zoona ndi achemwali Nabanda, osati mwini shopu. Ndi ndalama za boma izi. $3,000 siyokwanira kuti munthu ataye dzina lake pa ntchito ya mabuku.

Che Mussa:
Ndi chimodzimodzi ndi zija zoti chairman aike ndalama yake mu akaunti pa June 29, statement ituluke yokongola, n'kuichotsa mu July. Ndinazionapo. Anafunsidwa statement ya miyezi itatu yotsatira, ndalama inaoneka ikutuluka kubwerera kwa munthu yemweyo, anauzidwa kubweza match yonse.

aPhiri CPA:
Palibe chifukwa chosinthira deti pa cheke. N'chimene ndikunena kuyambira poyamba. Pa accrual, pomwe ndalama imalembedwa ikalonjezedwa osati ikalowa, ndalamayo ndi ya June kale, palibe chobisa. Pledge receivable, debit, contribution revenue, credit, June 12. Aliyense amene anaphunzira accounting akudziwa.

Mayi a Tadala:
Ka foundation kotumiza 990-N mukuganiza kuti kamasunga mabuku pa accrual?

Nabanda:
Cash basis mayi, timalemba ndalama ikalowa. QuickBooks yathu ndi cash kuyambira kale.

aPhiri CPA:
Asinthe.

Nasibeko:
Kkkk bambo Phiri. Asinthe mabuku a chaka chomwe chatha kale chifukwa cha grant imodzi?

Ine ndilankhulepo za dinner. Pamenepo boma silinalakwe. Munthu akalipira $40 n'kudya chakudya cha $25, mphatso yake ndi $15, ngakhale IRS imawerenga choncho. Kalata youza wopereka za zimenezi ndi yokakamiza ndalama ikaposa $75, koma masamu ake ndi omwewo ngakhale pa tikiti ya $40. Chomwe mungafunse ndi chakuti $25 ija anaitenga kuti. Ngati munailemba nokha pa tikiti palibe chochita. Raffle musaitchulenso n'komwe, tikiti ya raffle si donation, ndipo ma state ambiri amafuna license kapena registration musanagulitse, ku Utah ndi ku Hawaii saloleza ndi pang'ono pomwe. Mukalimbikira pa $500 imeneyo akhoza kukufunsani pepala lomwe mulibe.

Nabanda:
$25 inalembedwa pa tikiti, ndi mtengo wa caterer. License ya raffle tili nayo.

Agogo a ma receipt:
Ana anga, vuto la ma dinner ndi limeneli, ntchito yambiri phindu lochepa. Munthu amene anayambitsa zonsezi, Irving Fradkin, dokotala wa maso wa ku Fall River ku Massachusetts, mu 1958 sanaphike chakudya. Anangopempha kuti munthu aliyense m'tauni apereke dola imodzi. Ndi kumene kunachokera Dollars for Scholars, yomwe lero ili pansi pa Scholarship America. Dola yoperekedwa chabe imawerengedwa yonse pa match, palibe chochotsera. Ine chapter yomwe ndinkathandiza tinkagawana mayina, kuimba mafoni mu February ndi March, macheke kulowa April asanathe. June tinkangokhala.

Ku Washington state kunali pulogalamu yofanana ndi yanuyi, $2,000 ya boma pa $2,000 ya anthu, inkayendetsedwa ndi Higher Education Coordinating Board, ofesi yomwe mu 2012 inalowedwa m'malo ndi Washington Student Achievement Council. Cholinga cha ndalama zotere si kulipirira ana sukulu, $2,000 ingalipire chiyani. Cholinga ndi kukankha anthu a m'tauni kuti azisonkha okha. N'chifukwa chake amaumirira pa ndalama yomwe yalowadi. Ndipo musamalengeze scholarship powerengera match yomwe simunalandire. Ndalama zimenezi zimadalira budget ya chaka chimenecho, aphungu a state akakhala pampanipani ndi zoyamba kudulidwa.

Nabanda:
Agogo zimenezo ndinawauza a board mu April. Anavota, ine ndinali ndekha.

Mjomba wa ku Indiana:
Board imavota, msungichuma amasaina. Kulikonse.

Mayi a Tadala:
Tiyeni tione zomwe muli nazo m'manja. $4,350 kuchotsa $750 ya caterer ndi $3,600. Mwalonjeza $6,000. Lipirani pawiri, $1,000 mwana aliyense fall semester, ndi $3,000, ndalamayo muli nayo lero. Ina $1,000 mu January akaonetsa kuti akadali pa sukulu. Ma foundation ambiri amachita choncho ngakhale ali ndi ndalama, chifukwa mwana akasiya mu October cheke chonse chimakhala chitapita. Kenako imbani foni, osati email, mufunse funso limodzi: $1,900 yomwe akana chifukwa inalowa mu July, kodi iwerengedwa pa chaka chatsopanochi? Ngati lamulo lawo ndi deposit, ayenera kuvomera, sangaikane mbali zonse ziwiri. Ndiye kuti mwayamba chaka muli ndi $1,900, mwatsala ndi $1,100. Akavomera pa foni muwapemphe alembe pa email. Funsaninso ngati amalipira match mukangofika pa $3,000 kapena amadikira chaka chithe, chifukwa ngati amadikira January ikupezani mulibe.

Che Mussa:
Koma award letter ya ana ija inalembedwa bwanji? Ngati inati $2,000 yonse mu August ndiye muyenera kulankhula ndi makolo kaye. Komanso mwana amayenera kuuza financial aid office za scholarship yakunja. Ma college ena akamva amachepetsa grant yawo ndi ndalama yomweyo, mwana osapindula kanthu. Maryland inaika lamulo loletsa zimenezi m'ma college a boma mu 2017, ma state ena atsatira, koma si onse. Pa kalata yoperekeza cheke muzilemba kuti ndalamayi ichepetse kaye unmet need (ndalama yomwe mwana akuperewerabe) ndi ma loan, osati grant. Ena amamvera.

aPhiri CPA:
Zonsezi n'zabwino koma mukutaya $3,000 ya chaka chatha popanda kumenya nkhondo. Akakana pledge apereke chifukwa cholembedwa, atchule ndime. Tsamba loyamba likuti raised. Ine ndikanachita appeal.

Nasibeko:
Appeal ndi ufulu wawo, koma muganize. Mukaumirira kuti $1,900 ndi ya chaka chatha n'kuluza, kenako n'kubweranso ndi ndalama yomweyo chaka chino, munthu wake ndi yemweyo amene awerenge mafomu onse awiri. Ofesi zimenezi pulogalamu yonse imakhala m'manja mwa munthu mmodzi.

aPhiri CPA:
Munthu mmodzi ameneyo aphunzire accrual.

Kondwani_KC:
Pepani kupatuka pang'ono. Association yathu ya Amalawi kuno timalipirira ana awiri ku MUBAS ndi mmodzi ku LUANAR. Match ngati imeneyi tingaipemphe?

Agogo a ma receipt:
Iwalani mwana wanga. Ndi msonkho wa anthu a state imeneyo, amafuna ana okhala mu state momwemo, kawirikawiri opitanso ku college yovomerezeka ya konkuno. Ndipo ndalama zanu zopita kumudzi zija zimadutsa mu akaunti ya association kapena mu Zelle (njira yotumizirana ndalama pa foni) ya munthu?

Kondwani_KC:
Zelle ya a chairlady, kenako amatumiza.

Mjomba wa ku Indiana:
Mayo ine. Ndiye receipt ya $250 kupita m'mwamba amalemba ndani? Munthu akafuna kuchotsera msonkho amafunika kalata yochokera ku bungwe, osati screenshot ya foni ya a chairlady. Tsegulani akaunti ya bungwe pa EIN yanu. Muli nayo EIN?

Kondwani_KC:
Ndifunsa a secretary.

Nasibeko:
Ifenso kwathu kuno tinavutika ndi zomwezo, anthu amakonda kutumiza kwa munthu amene amamudziwa. Tinachita kuika QR code ya akaunti ya bungwe patebulo lililonse pa chikondwerero cha 6 July, pambali pa mbale ya mandasi, komabe ena anatumiza kwa ine.

Che Mussa:
Achemwali Nabanda, receipt ya pa intaneti ija mwaiona? Ili ndi dzina la ndani?

aPhiri CPA:
Kaya ili ndi dzina la ndani, pledge ya June 12 ndi ya June.

Kondwani_KC:
A secretary akuti EIN ilipo koma kalata yake inasowa. IRS imaperekanso ina?

Mjomba wa ku Indiana:
Imbani ku Business and Specialty Tax Line ya IRS mupemphe 147C, kalata yotsimikizira EIN. Aimbe munthu amene ali officer wa bungwe, ena sawauza kanthu.