Kodi jinja angathandize mseru wa mankhwala a khansa?

Abale anga a mu Blantyre muno, ndithandizeni nzeru. Mayi anga akulandira mankhwala a khansa ya m'mawere, aja a m'diripi, ndipo akangobwerako kuchipatala mseru suwasiya. Ngakhale fungo la ndiwo zili pamoto limawasanzitsa. Mankhwala oletsa mseru a metoclopramide amene adokotala anawapatsa akumwa ndithu, koma kudya kukuvutabe.

Anzawo a kutchalitchi akuti tiziwawiritsira jinja wamuwisi wa mumsika wa Limbe, ena akuti ufa wa chammwamba m'phala. Ine jinjayo ndiye ndikumukhulupirirako, koma ndinamva kuti amachedwetsa magazi kuundana, chonsecho mankhwala a khansawo amachepetsa kale tizigawo toundanitsa magazi. Alipo amene anafunsapo adokotala za zimenezi? Anakulolani? Nanga mumathira wochuluka bwanji pa kapu imodzi?