Ngati Mulungu ndiye anang'amba ufumu wa Israeli, Rehobowamu analakwa chiyani? Ndithandizeni lisanafike Lachitatu

Akuluakulu a pagulu pano, abusa ndi aphunzitsi a Mawu, ndabwera ndi mutu waukulu. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo Lachitatu lililonse madzulo ndimatsogolera phunziro la Baibulo. Sabata yatha tinafika pa 1 Mafumu mutu 12, pomwe mnyamata wina wa Fomu 4 anandiponyera funso lomwe landisowetsa tulo.

Nkhani yake mukuidziwa. Solomoni wamwalira, anthu asonkhana ku Sekemu kudzalonga mwana wake Rehobowamu, ndipo akupempha chinthu chimodzi chokha: awapeputsire goli limene bambo ake anawasenzetsa. Iye akuti mubwerenso pakatha masiku atatu. Nkhalamba zikumuuza kuti awayankhe mofatsa ndipo adzamutumikira masiku onse. Anzake amene anakula nawo akumuuza kuti akawaopseze, akanene kuti kachala kake kakang'ono n'konenepa kuposa chiuno cha bambo ake, ndi kuti pamene bambowo ankakwapula ndi zikoti iye adzakwapula ndi zinkhanira. Akusankha za anzakewo, mafuko 10 n'kumuchokera.

Ine ndinaphunzitsa monga ndinaphunzitsidwira, kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mnyamatayo anandisiya ndimalize, kenako anati, "Bambo mkulu, werengani vesi 15." Vesilo likunena kuti mfumu sinamvere anthu chifukwa zimenezi zinachokera kwa Yehova, kuti akwaniritse mawu amene ananena kudzera mwa mneneri Ahiya wa ku Silo. Ndiye anafunsa kuti, "Akanamvera nkhalamba zija, ulosi ukanapita kuti? Ngati sakanatha kumvera, tikumudzudzuliranji?" Ndinatafuna lilime, n'kunena kuti tidzapitiriza sabata ino.

Pali chinanso chimene chikundilemera. Chaka chatha mpingo wathu unagawikana pa nkhani ya ndalama zomangira tchalitchi. Mabanja angapo anachoka, akupemphera m'kalasi pa sukulu ina, ndipo mlongo wanga weniweni ali komweko. Amene anawatsogolera amakonda vesi 24 ya mutu womwewu, pomwe Mulungu akuti chinthu ichi chachokera kwa Ine. Ambiri obwera Lachitatu ali ndi abale mbali inayo. Chilichonse chimene ndinganene pa Rehobowamu ndi Yerobowamu, amene anakhala mfumu ya mafuko 10 a kumpoto ochokawo, anthu adzamva ngati ndikuzembera munthu wina. Ndagwira njakata. Cholinga cha Mulungu pong'amba ufumuwu chinali chiyani kwenikweni, ndipo ndiphunzitse bwanji osatsegula chilonda?

Woyankha woyamba:

Bambo mkulu, mwanayo mumusunge, ali ndi mutu. Koma nonse awiri mwayambira pakati pa nkhani. Mlandu unagamulidwa m'mutu 11, Rehobowamu asanakhale pa mpando. Solomoni anali ndi akazi 700 ndi akazi aang'ono 300, anamangira milungu yachilendo Kemosi ndi Moleki malo opembedzera pa phiri loyang'anana ndi Yerusalemu, ndipo Mulungu amene anamuonekera kawiri anamuuza maso ndi maso kuti ufumu udzang'ambidwa, koma osati m'masiku ake, chifukwa cha Davide. Pamenepo ndi pomwe Ahiya anakumana ndi Yerobowamu panjira, nang'amba chovala chatsopano zidutswa 12, n'kumupatsa 10.

Chimene ndimaona ine n'chakuti Mulungu sanachite kubweretsa mng'alu kuchokera kunja. Khomalo linali long'aluka kale. Davide analamulira Yuda yekha ku Hebroni zaka 7 ndi miyezi 6 mafuko enawo asanabwere kwa iye. Zitatha za kuukira kwa Abisalomu mwana wa Davide, a kumpoto ndi a Yuda anakangana poyera pa za mwini wake wa mfumu, a kumpoto akuti ife tili ndi magawo 10 mwa iye. Mfuu imene anthu anafuula ku Sekemu, yoti tilibe gawo mwa Davide, aliyense apite kwawo, Seba mwana wa Bikiri anali ataifuula kale pa 2 Samueli 20. Ndiye muwonjezepo thangata. Solomoni analemba amuna 30,000, ndipo ankapita ku Lebanoni 10,000 mwezi uliwonse, mwezi umodzi kumeneko, miyezi iwiri kwawo. Ife amene agogo athu anatisimbira za thangata m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Chiradzulu sitifunika kutanthauziridwa mawu oti goli. Yerobowamu mwiniwakeyo anali kapitawo wa thangata wa fuko la Yosefe, ankadziwa bwino pamene anthu pankawapweteka.

Rehobowamu palibe anamugwira pakamwa. Analankhula zimene zinali mumtima mwake, mtima wa mwana wokulira kunyumba yachifumu amene sanasenzepo mwala. Mulungu anangomusiya akhale chimene anali. Ndipo onani zimene anachita pambuyo pake: anthu akudandaula za thangata, iye n'kuwatumizira Adoramu, mkulu wa thangata yemweyo. Anamuponya miyala mpaka kufa, mfumu n'kuthawira pa galeta ku Yerusalemu. Kupusa kumeneko ulosi wa Ahiya sunakufune. Kunali kwake.

Woyankha wachiwiri:

Kungowonjezera pang'ono, amene timawatchula kuti anyamata aja sanali ana. Rehobowamu anali ndi zaka 41 polowa ufumu, ndipo iwo anakula naye limodzi. Tisamawaopseze achinyamata athu ndi ndime imeneyi ngati kuti vuto ndi msinkhu.

Woyankha wachitatu:

Achimwene, ine ndi mayi wamba, sindinapite ku sukulu ya ubusa, koma vesi 24 ija ndaiwerenga kangapo chifukwa kwathunso zinachitikapo. Taonani amene akuuzidwa mawuwo. Si ochokawo ayi. Ndi otsala. Rehobowamu anali atasonkhanitsa asilikali 180,000 a Yuda ndi Benjamini kuti akabweze ufumu ndi nkhondo, ndipo Semaya munthu wa Mulungu anatumidwa kukawaletsa. Anawauza kuti asakamenyane ndi abale awo, aliyense abwerere kunyumba kwake. Mawu oti abale ali momwemo, ufumu utagawika kale. Choncho ngati wina afuna kuligwiritsa ntchito vesili pa mpingo wanu, likukhudza inuyo otsala poyamba, kuti mutule zida. Ochokawo silikuwapatsa chikalata choti anachita bwino.

Ndipo amene akudziyerekeza ndi Yerobowamu awerenge mpaka mutu 15. Mulungu anamulonjeza nyumba yokhazikika ngati ya Davide, koma pokhapokha akamvera. Iye anachita mantha kuti anthu akamapita ku Yerusalemu kukapereka nsembe mitima yawo idzabwerera kwa Rehobowamu. Anaumba ana a ng'ombe awiri agolide, wina ku Beteli wina ku Dani, anaika ansembe osakhala Alevi, anadzipangira chikondwerero chake mwezi wa 8. Ahiya yemwe uja, atakalamba maso osaona, ndi amene anauza mkazi wa Yerobowamu kuti nyumba yawo idzasesedwa. Mwana wake Nadabu analamulira zaka ziwiri zokha, Basa n'kumupha pamodzi ndi banja lonse. Kupatsidwa zidutswa 10 sikunamupulumutse.

Woyankha wachinayi:

Pepani, koma mukulakwitsa nonse kuyika tchalitchi chanu m'ndime imeneyi. Inu munali ndi mneneri amene anang'amba chovala? Mwakangana pa ndalama za malata ndi simenti, itanani oona za mabuku a ndalama, nkhani ithe. Phunziro la Lachitatu likhale la Israeli basi.

Woyankha wachisanu:

Pa funso la cholinga, ine ndikuona kuti aliyense akukamba za chilango chokha, koma m'mutu 11 momwemo muli mbali ina. Fuko limodzi linasiyidwa kuti Davide akhale ndi nyali ku Yerusalemu nthawi zonse, ndipo vesi 39 likuti mbumba ya Davide idzasautsidwa koma osati mpaka kalekale. Mbiri yake ikugwirizana nazo. Ufumu unagawika cha m'ma 930 Yesu asanabadwe. Kumpoto mpando unkasinthasintha mabanja ndi lupanga, Zimiri analamulira masiku 7 okha, mpaka Asuri anagwetsa Samariya mu 722. Kumwera banja la Davide linakhalabe pa mpando mpaka Babulo anawononga Yerusalemu mu 586, kupatula zaka 6 za mfumukazi Ataliya. Pa 2 Mbiri 11 akunenanso kuti ansembe ndi Alevi anasiya malo awo kumpoto n'kusamukira ku Yuda. Sindikunena kuti Yuda anali woyera. Chaka chachisanu cha Rehobowamu, Sisaki wa ku Igupto anabwera n'kutenga zishango zagolide za Solomoni, mfumu n'kupangitsa zamkuwa m'malo mwake. Koma mzere wa pa Mateyu 1 ukudutsa mwa Rehobowamu yemweyo. Ndipo pa Ezekieli 37 mneneriyo akuuzidwa kutenga ndodo ziwiri, ya Yuda ndi ya Yosefe, kuti zikhale imodzi m'dzanja lake. Amene anang'amba ndi yemweyo akulonjeza kulumikiza.

Wofunsa:

Zikomo nonse, ndalemba m'kope. Bambo amene mwati ndisasakanize, ndakumvani, ndipo sinditchula za mpingo wathu ndi pakamwa panga. Koma ndikuwadziwa anthu anga, wina adzayambitsa yekha. Mayi, zoti vesi 24 likulankhula kwa otsala zandilasa, chifukwa ine ndili m'gulu la akulu amene tinagwirizana kuti kwaya ya ochokawo isamaimbe pa maliro a anthu athu. Mwezi watha pa maliro a msuweni wathu mlongo wanga anakhala kukhitchini tsiku lonse, sitinapatsane moni.

Za mnyamata uja, ndiyamba ndi mutu 11 kenako Adoramu, ndione ngati akhutire. Ndikukayika, chifukwa anandiuza kale potuluka kuti ali ndi lina: zidutswa zinali 12, Yerobowamu anatenga 10, nyumba ya Davide inalonjezedwa fuko limodzi, nanga chidutswa chinacho chinapita kuti? Ndamuuza kuti Benjamini akupezeka ndi Yuda pa 12:21, iye akuti nanga Simeoni, amene malo ake anali m'kati mwa Yuda, akuwerengedwa mbali iti? Amene ali ndi yankho la limeneli alembe pansipa, ndikhala ndikuyang'ana mpaka Lachiwiri usiku.