Dongosolo la masiku 21 a Amayi

Malume Phiri: Mwaswera bwanji nonse. Achemwali alandira kemo yachiwiri (mankhwala a khansa a pa dripi) Lachiwiri ku chipatala cha Kamuzu Central. Tigwirizane zochita, osati aliyense kungotulukira ku Kawale nthawi imene wafuna. Chisomo, ndiwe namwino, tiyalire.

Chisomo: Zikomo malume. Mankhwala awo ndi a masiku 21 aliwonse, ndiye tiziwerenga kuchokera tsiku la dripi. Masiku atatu kapena anayi oyamba ndi a mseru ndi kufooka. Kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 asilikali a m'thupi amatsika kwambiri. Munthu amaoneka bwinobwino, koma kachimfine kamene ife timayenda nako iwo kangawagoneke m'chipatala. Mphamvu zimabwerera sabata yachitatu. Zosangalatsa tiziziika m'menemo.

Azakhali a ku Likuni: Nanga amayi a Chigwirizano? Ati abwera kudzawaimbira Lachinayi sabata ya mawa.

Chisomo: Limenelo ndi tsiku la 10, azakhali. Apempheni asunthire Lachinayi linalo, tsiku la 17. Akhale pakhonde, osati kudzazana pabalaza, asambe m'manja ndi sopo, ndipo wachifuwa atsale kwawo.

Azakhali a ku Likuni: Ndiwauza. Koma mlamu wanga wodwalayo ndiye amatsogolera nyimbo, musadzamuletse.

Chisomo: Aimbe ndithu. Akatopa aimbe atakhala.

Tadala: Vuto lilipo panopa ndi kudya. Akangomva fungo la anyezi akukazingidwa, basi chilakolako chatha.

Mayi aang'ono: Mbaula ipite kuseri kwa nyumba, kutali ndi zenera lawo. Chakudya chiziyamba chazizirako, chifukwa nthunzi ndi imene imanyamula fungo. Musawaikire mitanda itatu ya nsima, mbale yodzaza imawagwetsa ulesi. Pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku: phala la Likuni lothira supuni ya chiponde, futali, dzira lowiritsa mpaka kulimba, nthochi, nkhwani wotendera. Nyama ikamamveka ngati chitsulo m'kamwa, sinthani ndi nyemba kapena nsomba, ndipo adyere supuni ya pulasitiki.

Chisomo: Mapiritsi a mseru amwe pa nthawi imene analembedwa, asadikire kuti ayambe kusanza. Madzi akhale owiritsa, pafupifupi malita 2 patsiku, momwera pang'ono. Za m'kamwa: lita imodzi ya madzi owiritsa, tiyisupuni imodzi ya mchere ndi imodzi ya soda wophikira, azichukucha akatha kudya ndiponso pogona. Zilonda zikatuluka, tsabola ndi mandimu ziyambe zaima, mswachi ukhale wofewa.

Yamikani: Mango aja amawakonda aja ndi oletsedwa? Ku Lizulu adzaza.

Chisomo: Ayi achimwene, gulani. Sankhani osaphwanyika, atsukidwe, asendedwe ndi mpeni woyera. Choletsedwa ndi zodulidwa kale za m'misewu, saladi ndi thobwa logula. Thobwa akalifuna liphikidwe pakhomo.

Malume Phiri: Wina wabweretsa botolo la zitsamba dzulo. Ndati lisatsegulidwe.

Chisomo: Mwachita bwino. Zina zimalemetsa chiwindi ndi impso, zomwe zili kale pa ntchito yochotsa kemo m'thupi. Chilichonse chatsopano chiyambe chaonedwa ndi adokotala. Koma chachikulu ndi ichi, Tadala: thermometer ikhale pamutu pa bedi. Ikawerenga 38 kapena kupitirira, kapena akayamba kunjenjemera, musawapatse Panado n'kudikira kuche. Panado amabisa kutentha pamene matenda akulowerera m'magazi. Nyamukani nthawi yomweyo ndi buku la kuchipatala, ndipo mukafika nenani msanga kuti ali pa kemo ndi tsiku limene analandira. Azigonanso m'neti usiku uliwonse.

Yamikani: Galimoto ya usiku ndi ine, foni sindizimitsa. Ya mafuta tisonkhe K10,000 khomo lililonse pa Mpamba ya Tadala pofika Lachisanu.

Tadala: Tsitsi layamba kutsalira pa pilo. Sakunena kanthu koma zikuwakhudza.

Mayi aang'ono: Ndi nthawi yake, limayamba pakadutsa sabata ziwiri mpaka zinayi chilandirireni kemo yoyamba, ndipo limadzameranso akamaliza. Afunseni ngati akufuna kumeta lisanathothoke lokha. Mipango asankhe okha, musawagulire yakuda ngati tili pamaliro. Ndibwera ndi zitenje zitatu Loweruka.

Malume Phiri: Ine ndibweretsa bawo Loweruka la sabata yachitatu. Munthu uja sagonja, ndipo sindidzamumvera chisoni.

Tadala: Amayi awerenga, akuti mubwere ndi chambo chifukwa mudzaluza 😂 Akufunsanso za dimba lawo.

Chisomo: Kuthirira ndi kakheni kakang'ono m'mawa kapena dzuwa litapepa palibe vuto, kuyendayenda kumachepetsanso kufooka. Manyowa ndi khola la nkhuku asiyire ana. Musaiwale magazi: amayezetsa dripi isanafike, ndipo akapezeka otsika adokotala amasuntha tsiku. Zikatero masiku onse tagwirizanawa asunthanso.

Yamikani: Wowaperekeza kokayezetsa ndani? Ine tsiku limenelo ndili ku Kanengo mpaka madzulo.

Azakhali a ku Likuni: Ndipita ndine. Tadala, undikonzere buku lawo ndi botolo la madzi.