Laputopu ikuchedwa kuyaka, mapulogalamu ndi ambirimbiri, ndichotse ati?

Membala wobisa dzina:
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndinagula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito, ya Windows 10, RAM yake 4GB. Ndimalembera malipoti a kuntchito, mwana wanganso amachitirapo za kusukulu. Ndikaiyatsa ndimatha kutereka tiyi mpaka kuwira iyo isanakonzeke. Ikayaka, timawindo timangotulukira tokha: kena kakuti kompyuta ili pa chiopsezo ndilipire, kena kakuti madalaivala (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za m'kompyuta) ndi akale. Ma antivayirasi alimo awiri, asakatuli a intaneti atatu, ndi masewera omwe sindinaikemo. Bandulo nayo ikumatha ndisanachite kanthu. Ndalowa pa Settings, mndandanda wa mapulogalamu ndi wautali ndipo mayina ambiri sindikuwadziwa. Ndikuopa kuchotsa chofunika n'kuononga makina. Ndingasiyanitse bwanji zofunika ndi zinyalala?

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Amayi, musayambe ndi kufufuta. Yambani ndi kuona chomwe chikudya makinawo. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patseguka Task Manager. Pitani pa Startup. Zonse zili pamenepo zolembedwa Enabled zimadzuka nthawi imodzi mukangoyatsa, n'chifukwa chake mukudikira chonchi. Kumbali kwalembedwa High, Medium kapena Low. Zomwe zili High koma simuzifuna m'mawa uliwonse, monga Skype, Spotify, Teams kapena pulogalamu yosewerera nyimbo, dinani Disable. Pamenepa simunachotse chilichonse, mwangozikaniza kudzuka zokha. Mukaona kuti china chasokonekera mubwerera n'kudina Enable, basi.

Mukatero zimitsani, muyatsenso, muone kusiyana. Kenako ndiye mupite pa Settings, Apps. Pali posankha kuti mndandanda usanjidwe potengera tsiku loikidwa. Apa mudzadabwa. Zambiri zovutitsa zimakhala kuti zinaikidwa tsiku limodzi, ndiye kuti ndi wogulitsa kapena wokonza amene anazithira kuchokera pa fulashi yake. Ifeyo tili ndi chizolowezi chimenechi, ndivomere. Kasitomala akaona zithunzi zadzaza pa sikirini amati wapatsidwa zambiri.

Membala wobisa dzina:
Zikomo bambo. Nanga izi zolembedwa Microsoft Visual C++ Redistributable? Zilipo zambiri, zina 2010, zina 2013, zina 2015. Si zobwerezabwereza?

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Zimenezo zisiyeni momwe zilili! Zimaoneka ngati zobwereza koma pulogalamu iliyonse imatsamira pa ya chaka chake, ndipo sizidya malo ambiri. Musakhudzenso zolembedwa Intel, AMD, NVIDIA, Realtek, Synaptics kapena .NET. Realtek kawirikawiri ndi ya mawu kapena netiweki, Synaptics ndi ya poyendetsa chala paja. Dzina lomwe simukulidziwa lilembeni pa Google musanadine Uninstall.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Ndionjezere za antivayirasi. Awiri pamakina amodzi amalimbana, aliyense akufufuza fayilo yomwe mnzake watsegula, RAM ya 4GB singapirire. Windows 10 imabwera kale ndi wake, Microsoft Defender, waulere. Mukachotsa enawo, iye amadzuka yekha. Uja akukuuzani kuti mulipire ndi wongolawitsa, makampani opanga malaputopu amalandira ndalama kuti aike zoterezi, masiku olawa akatha amayamba kukuopsezani. Ndipo musaganize kuti chobwera ndi makina kuchokera ku fakitale n'chabwino nthawi zonse. Mu 2015 zinadziwika kuti malaputopu ena a Lenovo ankagulitsidwa ndi pulogalamu yotchedwa Superfish, yolowetsa malonda m'masamba a intaneti, yomwe inkatsegulanso mpata woti akuba aone zinsinsi za munthu. Kampaniyo inachita kutulutsa chida chochotsera.

Mnyamata wa pa kafe ya intaneti:
Mayi musavutike, ingoikani pulogalamu yotsuka kompyuta, imachotsa zonse kamodzi. Kapena ifomateni basi.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Achimwene, ayi. Munthu akudandaula kuti mapulogalamu achuluka, inu mukuti aonjezere ina? Zotsukatsuka zija ndi zija zoti zimasaka madalaivala ndi zomwe zimatulutsa timawindo timene amayiwa akunena. Zina zimabweranso ndi anzawo mukamadina Next osawerenga. CCleaner yomwe, yotchuka ija, mu 2017 akuba anailowetsa kachilombo ndipo anthu anaitsitsa choncho kuchokera ku tsamba lake lenileni. Windows ili ndi zotsukira zake, Disk Cleanup ndi Storage Sense, n'zokwanira. Madalaivala amabwera ndi Windows Update kapena pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo.

Mnyamata wa pa kafe ya intaneti:
Chabwino aphunzitsi, koma pa kufomata sindikusintha. Makina ogula kwa munthu simudziwa mwini wake anasiyamo chiyani. Pa Settings, Update & Security, Recovery pali Reset this PC. Ingosungani kaye mafayilo pa fulashi.

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Apo wanena zoona mphwanga. Chenjezo n'lakuti Reset imachotsa mapulogalamu onse oikidwa pambuyo, Word ndi Excel zomwe. Ngati alibe kiyi kapena akaunti ya Office, m'mawa alembera chiyani malipoti? Komanso achite batire ili yodzaza ndipo magetsi alipo, chifukwa makina akazima pakati ndi nkhani ina.

Mlongo wa ku Johannesburg:
Palibe wayankha za bandulo. Achemwali, ngati mumalumikiza ndi hotspot ya foni, pitani pa Wi-Fi, dinani dzina la foni yanu, muyatse Metered connection. Windows imadziletsa kutsitsa zinthu zambiri mwakachetechete. Onaninso OneDrive, pulogalamu ya Microsoft yosungira mafayilo pa intaneti, mwina ikukweza zithunzi zanu kumeneko inu osadziwa. Pa Data usage mudzaona pulogalamu iliyonse ndi zomwe yadya. Masewera ngati Candy Crush aja amachoka bwinobwino, palibe chimaonongeka.

Membala wobisa dzina:
Ndachita zomwe mwanena. Ndazimitsa za pa Startup, ndachotsa ma antivayirasi onse awiri ndi ija ya madalaivala, ndasiya msakatuli mmodzi kuphatikiza Edge yomwe ikukana kuchoka. Timawindo tasiya, ndipo kuyaka kwafulumirako ndithu. Koma pa Task Manager, polembedwa Disk pakumakhalabe 100% kwa kanthawi ndikangoyatsa.

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Edge isiyeni, ndi ya m'nyumba. Za Disk, dinani Performance muone ngati palembedwa HDD kapena SSD. Ikakhala HDD, pamenepo kufufuta kwafika pa malire ake, chimbale chozungulira chija n'chomwe chikuchedwa. Kuika SSD, chosungira mafayilo chachangu chopanda chimbale, ngakhale ya 256GB, kumasintha makina kuposa china chilichonse chomwe tanena pano. Koma musanaononge ndalama dziwani kuti Microsoft inaika 14 October 2025 kukhala tsiku losiya kuthandiza Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa makina, ndi purosesa yosakalamba kwambiri. Tiuzeni purosesa yanu ndi iti, mupeza pa Settings, System, About, tione ngati laputopuyo ikuyenera kuigulira SSD.