Thandizeni nzeru: app ya masamu ya mwana wa zaka 5

Makolo anzanga ndi aphunzitsi amene muli pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru. Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 5 mwezi wathawu. Amatchula manambala kuyambira 1 mpaka 30 osaphonya, moti ine ndinkanyadira kuti masamu amulowa. Sabata yatha ndikuyanika zovala ndinamuuza kuti, "Tandipatsa mapegi 6." Anangotapa odzadza dzanja n'kundipatsa. Nditamuuza kuti awerenge, pakamwa pankathamanga kusiya chala m'mbuyo, pegi ina anaiwerenga kawiri, ndipo nditafunsa kuti onse pamodzi alipo angati anayambiranso pa 1. Usiku umenewo tulo tinavuta.

Kwa miyezi inayi wakhala akusewera app ina ya masamu pa foni yanga, dzina sinditchula. Nditakhala naye pansi kuti ndione, ndinapeza kuti pa sikirini pamabwera mayankho atatu, iye amangodina limodzilimodzi mpaka nyenyezi zituluke. Akalakwa palibe chomuonetsa pamene walakwitsa. Mafunso awiri atatu, kenako zotsatsa malonda. Ndaichotsa.

Ndikufuna yopanda zotsatsa, yogwira ngakhale popanda intaneti, ndipo koposa zonse yomuphunzitsa kuti 6 ndi kuchuluka kwa zinthu, osati liwu la m'nyimbo chabe. Ndamvapo za Khan Academy Kids, DragonBox Numbers ndi Prodigy. Amene munaziyesapo ndiuzeni zomwe munaona ndi maso anu. Ndinenenso kuti ine masamu ankandiopsa kwambiri kusukulu, ndipo sindikufuna kumupatsira mantha amenewo.

Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka wayankha:
Mayi, mtima m'malo. Zomwe mwaonazo timaziona chaka ndi chaka, ndipo mwachita bwino kuzizindikira msanga. Kutchula manambala motsatana ndi luso lina, kuwerenga zinthu ndi linanso. Akatswiri awiri, Rochel Gelman ndi Randy Gallistel, anafotokoza bwino zimenezi mu 1978. Mwana ayenera kudziwa ndondomeko ya manambala, zomwe wanu akudziwa kale. Ayenera kupatsa chinthu chilichonse nambala imodzi yokha, osadumpha kapena kubwereza. Kenako ayenera kuzindikira kuti nambala yomwe watchula pomaliza ndiyo ikunena kuchuluka kwa zonse. Wanuyo ziwiri zomalizazi ndi zomwe zisanakhazikike, n'chifukwa chake mukamufunsa "angati" akuyambiranso. Kwa iye "angati" akutanthauza "imba nyimbo ija".

Pa za app, musadalire nyenyezi zomwe anthu aipatsa. Iseweretseni nokha mphindi 10 mwana atagona, ndipo muzilakwitsa dala. Ikangolira n'kukusiyani muyesenso, siphunzitsa kanthu, ikungofunsa. Yabwino imabweza zinthuzo n'kuwerenga nanu chimodzichimodzi. Onaninso ngati mwana akukoka zinthu ndi chala kuziika m'bokosi kapena akungodina yankho. Ndipo iliyonse yokhala ndi wotchi yothamangitsa mwana, pa msinkhu uwu isiyeni.

Bambo wa ana awiri wayankha:
Ife timagwiritsa ntchito Khan Academy Kids. Ndi yaulere yonse, ilibe zotsatsa, ilibenso zogula m'katimo chifukwa eni ake ndi bungwe losafuna phindu. Inatuluka mu 2018 ndipo ndi ya ana a zaka 2 mpaka 8. Zina mungathe kudawuniloda kuti azisewera popanda intaneti, koma si zonse. Chomwe ndikuchenjezeni n'chakuti si ya masamu okha, muli nthano, kujambula ndi zilembo. Wanga wamng'ono mukamusiya yekha amathera nthawi yonse kopaka utoto. Ndimachita kulowa m'laibulale yake n'kumusankhira za masamu ndekha.

Mayi wina wayankha:
Prodigy idikireni kaye achemwali. Imayambira giredi 1, imafuna intaneti, ndipo kwenikweni ndi yoyeserera zomwe mwana waphunzira kale. DragonBox Numbers ndiye ikugwirizana ndi vuto lanulo. Nambala iliyonse ndi kanyama kotchedwa Noom, ndipo kutalika kwake kumatsata nambalayo, moti 6 amaoneka wamtali kuposa 4. Mwana amatha kudula 6 kukhala 4 ndi 2, n'kuwaphatikizanso. Wanga anayamba kumvetsa kuphatikiza ndi kuchotsera asanaone n'komwe chizindikiro chake. Koma ndi yolipira, kampani ya Kahoot! inagula DragonBox mu 2019.

Agogo ena ayankha:
Mwanangu, ine ndinena mosabisa. Mwana wa zaka 5 safuna foni kuti adziwe 6. Mapegi omwewo, timiyala, zitsekerero za mabotolo, masupuni, zimenezo azigwira ndi manja. Ngakhale bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 linati ana a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku ali pa sikirini, ndipo kuchepetsa n'kwabwino koposa. Wanuyo wangodutsa kumene msinkhu umenewo.

Mwini funso wayankha:
Agogo, ndamva ndipo sindikutsutsa. Kungoti ndimaweruka mochedwa, ndipo nthawi yomwe ndikugwira ntchito zapakhomo ndi yomwe amapempha foni. Ndimafuna mphindi 15 zimenezo zikhale zaphindu.

Mphunzitsi uja wayankhanso:
Zonse ziwiri zitheka. App iphunzitse, mapegi ayese mayeso. Akamaliza kusewera muuzeni, "Ndipatse 3." Akamapereka 3 enieni masiku angapo, kwerani pa 4. Musathamangire 10. Katswiri wina, Karen Wynn, anagwiritsa ntchito kaseweredwe komweka cha m'ma 1990, ndipo anapeza kuti ana amayamba kumvetsa tanthauzo la 1, patapita miyezi la 2, kenako la 3, ngakhale pakamwa akutchula manambala ambiri. Akamaliza kuwerenga, zungulizani chala pa zonsezo n'kunena kuti, "Eya, onse pamodzi ndi 4." Mawu amenewo ndi omwe akusowa.

Bambo wina wayankha:
Palibe amene watchula chilankhulo. Mwana amene sanayambe kuwerenga amadalira mawu omwe app ikulankhula. Ngati sakumva Chingelezi chake bwinobwino, adzabwerera kongodina mwachisawawa ngakhale app ikhale yabwino chotani. Fufuzaninso za bungwe la onebillion la ku Britain. Linapanga maphunziro a masamu a pa tabuleti m'zilankhulo zingapo, Chiswahili ndi Chichewa zili momwemo, ndipo mu 2019 linapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE limodzi ndi eni pulogalamu ina yotchedwa Kitkit School atayesa mapulogalamu awo ndi ana a m'midzi ya ku Tanzania. Iliyonse yomwe musankhe, pa Google Play muone ngati alemba kuti muli zotsatsa kapena zogula, ndipo muike pasiwedi pa zogula zonse.

Mayi wina wayankha:
Ine yandikhudza ndi ya mantha ija, chifukwa nanenso ndinali choncho. Mu 2015 akatswiri a ku University of Chicago anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science wokhudza ana a giredi 1 ndi app ya Bedtime Math, yomwe kholo ndi mwana amawerengera limodzi kankhani kenako n'kuyankha mafunso a masamu. Omwe anapindula moonekera kwambiri anali ana a makolo oopa masamu. App imeneyo siinali yomusiyira mwana yekha, inali yowapatsa awiriwo chokambirana. Ndiye musadzichotsemo achemwali, khalani pambali pake ngakhale kawiri pa sabata.

Mwini funso wayankha:
Zikomo nonse, mwandilimbitsa mtima. Dzulo usiku ndaika Khan Academy Kids n'kuisewera ndekha monga ananenera aphunzitsi. Lero m'mawa ndayesa za mapegi. Pa 3 wapereka 3, pa 4 wapereka 4, pa 5 watapanso odzadza dzanja. Ndiye tiyambira pa 5. Aphunzitsi, ndifunseko chimodzi: akalakwa ndizimuuza pomwepo kuti walakwa, kapena ndizimusiya awerengenso yekha mpaka azindikire?