Akamba anga a m'madzi asiya kudya chiyambire kuzizira, ndipange bwanji?

Zikomo a adimini pondilola. Abale ndili pa Dedza boma pano, ndikusunga akamba awiri a m'madzi, aja akabisa mutu amapinda khosi cham'mbali osati kulowetsa chobwerera ngati fulu wa kumtunda. Ndinawapeza mu Januwale mvula ili pakati, ana anawatola m'dzenje loumbamo njerwa ndiye amawagenda, zinandimvetsa chisoni ndinawapatsa ya mandazi nkuwatenga. Ndinakumba kadamu kuseri kwa nyumba, mamita awiri mulitali, madzi olekeza m'mawondo, nkuzira simenti, pakati ndinaikapo mwala wophwatalala woti aziotherapo dzuwa.

Miyezi yonseyi amadya bwinobwino, nyongolotsi, ziwala, ngumbi nthawi yake, pena tiusipa ndi nsima pang'ono. Koma chilowere Juni, mukudziwa nokha mmene kuno kumazizirira m'mawa phiri lonse lili mu nkhungu, wamkuluyo sakudyanso sabata yachiwiri ino amangokhala phee pansi pa madzi, wamng'onoyo anasowa masiku atatu ndinasaka mpanda wonse mpaka kumuganizira galu, kenako ndinamupeza atadzikwirira pamaluwa pansi pa masamba. Ndinamufukula nkumubwezera m'madzi, usiku womwewo anatulukanso. Kodi akudwala kapena? Ndiwalowetse m'nyumba mu beseni? Mwana wanga wa zaka 6 amawakonda koopsa, daily akaweruka amathamangira kumeneko, sindikufuna adzapeze wina atafa. Zoti ndikuweta zizimba aneba anena kale, chonde ndikufuna malangizo enieni.

Mlimi wa nsomba ku Golomoti:
Achimwene musamufukulenso ameneyo, mukumuzunza. Kuno timawatcha nkhasi, ndimawaona chaka ndi chaka m'madamu mwanga. Madzi akayamba kuphwa kudambo amalowa m'matope kapena m'dothi nkukhala momwemo miyezi osadya, mvula yoyamba ikagwa ndi pomwe mumawaona akuyendayenda. Thupi lawo silidzitenthetsa lokha ngati lathu, kukazizira chakudya sichigayika m'mimba ndiye amangosiya kudya. Inu kumtunda kuja nkozizira kuposa kuno kuchigwa nde nzosadabwitsa. Mumuikire mulu wa dothi lofewa ndi masamba pakona pomwe madzi sadikha, alowe yekha. Koma mpandawo muukwirire pansi ndithu chifukwa amakumba komanso kukwera amatha.

Mayi wa ku Bembeke:
Nsimayo siyani bambo. Amenewa ndi odya nyama, nkhono za m'madzi, tiana ta achule, tizilombo. Usipa ngati uli wamchere muziyamba mwauviika. Nanga mwanayo akawagwira amasamba m'manja ndi sopo? Nyama zimenezi zimakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda totchedwa salmonella, zokha sizidwala koma mwana atha kutsegula nazo m'mimba. Beseni lakelo lisayandikire mbale.

Wolemba funso:
Mayi zikomo kwambiri, za sopozo sindimazilabadira, tiyamba lero lomwe. Nanga wam'madziyo ndingadziwe bwanji kuti nkuzizira chabe osati matenda?

Wina wa ku Lizulu:
Mutulutseni masana mumuone. Maso akakhala otupa kapena omatika, thovu m'mphuno, kupuma chotsegula kukamwa, kapena akamayandama chopendekera mbali imodzi, ameneyo wadwala chifuwa pitani naye kwa a vetenale musachedwe. Koma ngati ali wolemera bwino, maso ali gwa, mukamugwira akupalasa ndi kutulutsa kafungo konunkha kaja, ali bhobho. Funso langa ndi lakuti dzuwa limafika nthawi yanji pamwalapo? Ngati damulo lili mumthunzi wa nyumba mpaka 11 koloko vuto ndi limenelo. Komanso madzi a pampopi muziyamba mwawagoneka mu ndowa, osathira nthawi yomweyo.

Membala wina:
Ine ndinena zosakomera ena. Munachita bwino kuwalanditsa kwa anawo koma zimenezi ndi nyama zakutchire, ndipo lamulo la nyama zakutchire m'dziko muno sililola kungosunga chilichonse pakhomo popanda chilolezo. Funsani ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ya Parks and Wildlife kapena ku Lilongwe Wildlife Centre, iwo amalandira nyama zopulumutsidwa. Kadamu ka mamita awiri sikangafanane ndi dambo.

Mlimi wa nsomba ku Golomoti:
Zoona akulu, koma asakawataye pano madambo akuuma, ana omwewo akawatolanso kapena moto wolusa wa mu Ogasiti ukawapeza. Ngati nkuwabweza adikire mvula, ndipo akawasiye dera lomwe anachokera.

Wolemba funso:
Ndapita kukaona, a ku Lizulu mwalasa, mthunzi wa mapeyala umaphimba damu lonse mpaka masana. Mawa ndisadza nthambi ziwiri za kum'mawa ndi kuthira dothi pakona paja. Wamkuluyo maso ali bwino ndipo wandinunkhitsa manja onse. Ku Wildlife ndiimba Lolemba ndimve za chilolezocho. Koma a ku Golomoti, akadzikwirira chonchi dothilo ndizithirira pang'ono kapena lizikhala louma?