A khansala mumawapeza bwanji kwanu?

Mayi wa kumudzi: Abale, chivotereni pa 16 Sepitembala 2025, a khansala athu sanaonekenso. Mjigo wathu udawonongeka mwezi watha, tikutunga kudambo. Foni yawo imangoitana. Kwanuko mumatani?

Mphunzitsi: Mayi, musadalire foni. Kauzeni a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, akaitule nkhaniyo ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, komwe a khansala amakhalako. Ikalembedwa m'maminitsi, kuizemba kumavuta.

Wakabaza: Athu adatsegula gulu la WhatsApp. Amayankha usiku, mwina ndi mawu ojambula poti ena sawerenga. Koma ukafunsa za mlatho amangoti "tikuziona".

Bambo wachikulire: Ine ndimawadikirira pamaliro. Akangopereka chipepeso, ndimawakokera pansi pa mtengo wa mango, osawasiya.

Mayi wa kumudzi: Aa bambo, pamaliro ayi! Ndiyamba ndi a VDC Lachisanu.